Mzuzu ikufunika mainjiniya odziwa kuyeza, osati ongosintha zida

Aliyense amene anakhalapo pa ukwati, pa msonkhano kapena m'tchalitchi muno mu Mzuzu anamvapo kaphokoso kaja kotuluka m'masipika foni ikatsala pang'ono kuitana: dididi, dididi. Anthu amacheukirana, woyendetsa mwambo n'kupempha kuti mafoni azimitsidwe. Chimene chimachitika n'chakuti foni ya GSM imatumiza mafunde ake modukizadukiza, ka 217 pa sekondi iliyonse, ndipo waya wa maikolofoni wosatetezedwa bwino amatola mafundewo n'kuwalowetsa mu ampulifaya. Pa ukwati anthu amangoseka. Koma vuto lomwelo likalowa m'makina oyezera kugunda kwa mtima wa wodwala, mu mita ya magetsi, kapena mu kampasi ya droni yonyamula mankhwala, palibe angaseke.

Ine ntchito yanga ndi yokonza zipangizo zamagetsi. Ndakalambira pa tebulo la sodala, ndipo achinyamata ambiri adutsa m'manja mwanga pofuna kuzolowera ntchito atachoka m'makoleji osiyanasiyana. Ndi ana anzeru. Masamu amawadziwa kuposa mmene ine ndinkawadziwira pa msinkhu wawo. Koma makina akayamba kuchita zachilendo popanda chopsa kapena choduka chooneka ndi maso, ambiri njira yawo ndi imodzi: kuchotsa bodi yonse n'kuikapo ina. Ikavutanso, amati makinawo ndi achabechabe. Ndikulemba kuti ndipemphe chinthu chimodzi: maphunziro a uinjiniya ndi a ntchito zamanja muno kumpoto aphatikizepo mozama nkhani ziwiri, ya kusokonezana kwa zipangizo zamagetsi ndi ya timasensa ting'onoting'ono timene tadzaza m'zipangizo za masiku ano.

Nkhani yoyambayo akatswiri amaitchula kuti electromagnetic compatibility, mwachidule EMC. Waya aliyense amene mukuyenda magetsi osinthasintha amatulutsa mafunde, ndipo waya aliyense amene ali pafupi amatha kuwatola. Chipangizo chabwino chiyenera kukwaniritsa zinthu ziwiri: chisatulutse phokoso la magetsi lopitirira muyezo, komanso chizitha kupirira phokoso lochokera kwa zinzake osasokonezeka. Amene anakhalapo m'nyumba za lendi za mdadada ku Chibavi kapena ku Chiputula lamuloli akulidziwa: wailesi yako isagonetse anzako m'maso, koma nawenso usanyamule katundu chifukwa mwana wa khomo linalo walira usiku. Zipangizo zimene zili pa waya mmodzi, m'chipinda chimodzi, zimayenera kukhalirana chimodzimodzi.

Vutoli si latsopano. Bungwe la CISPR, limene limaika miyezo ya phokoso losokoneza mawailesi, linakhazikitsidwa mu 1934. Mayiko a ku Ulaya anapanga lamulo la EMC mu 1989, ndipo kuyambira 1996 chipangizo chamagetsi sichiloledwa pa msika wawo ngati sichinakwaniritse miyezo imeneyi. Chatsopano kwa ife ndi kuchuluka kwa zinthu zotulutsa phokosolo. Babu lakale la ulusi linkangoyaka mwakachetechete. Babu la LED, chaja ya foni, adaputa ya laputopu ndi inveta ya sola zonse zimagwira ntchito podula ndi kulumikiza magetsi maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi. Kudula kulikonse kumatulutsa kafunde, ndipo mawaya a m'nyumba amasanduka eriyo youlutsa mafundewo. Walira mvula walira matope. Tinafuna sola, tinafuna mafoni, ndipo tinachita bwino kuzifuna. Matope ake ndi amenewa, ndipo akufunika anthu odziwa kuthana nawo.

Mzuzu ndi khomo lalikulu la katundu wotereyu. Zambiri zimalowa pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, n'kufika pa msika wa Taifa ndi m'mashopu a m'tauni, kenaka n'kumwazikira ku Rumphi, ku Mzimba, ku Nkhata Bay mpaka ku Likoma. Zina ndi zabwino ndithu. Koma ndikamatsegula machaja ndi mainveta otchipa, kawirikawiri ndimapeza malo opanda kanthu pa bodi. Chizindikiro cha pamene panayenera kukhala koilo ndi kapasita zosefera phokoso chilipo, koma zida zake palibe. Pena angolumphitsapo kawaya. Wopanga wapulumutsa ndalama zochepa, chipangizo chikuyakabe, wogula sangadziwe. Kunja kwa bokosi chidindo cha CE chilipo, poti kudinda zilembo ziwiri sikuvuta. Wamalonda wa pa msika sindimuimba mlandu, chifukwa nayenso alibe poyezera. Amene amalipira ndi gogo wa khomo loyandikana amene Radio Tigabane kapena Voice of Livingstonia yayamba kumuphwephwetera madzulo alionse, iye n'kumaganiza kuti wailesi yake yatha.

Kupeza gwero la phokoso lotere ndi luso lapadera. M'mudzi wa Aberhosan ku Wales intaneti inkasokonekera m'mawa ulionse nthawi ya 7 koloko kwa miyezi 18. Mainjiniya anasintha mawaya, koma vuto silinathe. Mu 2020 anayenda m'mudzimo ndi chida choonetsa mafunde, n'kupeza kuti TV yakale ya munthu mmodzi, imene ankayatsa nthawi yomweyo tsiku ndi tsiku, ndi imene inkagwetsa intaneti ya mudzi wonse. Kusintha zida kunalephera kwa chaka ndi theka. Kuyeza kunathetsa nkhani. Ngati zimenezi zinasautsa dziko lokhala ndi zida zonse, nanga kuno ndalama zimene timataya posintha zinthu zosawonongeka n'zochuluka bwanji?

Tiwonjezepo mphenzi. Mzuzu ndi dera la mvula yambiri, ndipo amene amakonza zipangizo amadziwa kuti dzinja ndi nyengo ya ma TV, madikoda ndi marawuta opsa. Anthu ambiri amaganiza kuti mphenzi imawononga pokhapokha yagwera nyumba. Ayi. Mphenzi imodzi imanyamula ma ampere pafupifupi 30,000, ndipo ikagwa chapatali ndithu, mphamvu yake imadumphira m'mawaya aatali onse ozungulira: a magetsi, a eriyo, a mapanelo a sola padenga. Kuthimathima kwa magetsi nakonso kuli ndi zake. Magetsi athu ambiri amachokera kutali ku Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 tonse tinaona mmene nyumba, zipatala ndi maofesi zinadalira majenereta ndi mainveta. Nthawi iliyonse imene nyumba ikuchoka pa magetsi a ESCOM kupita pa jenereta n'kubwereranso, zipangizo zimalandira chibakera. Chitetezo chake chilipo: waya wa earth wokumbiridwa bwino ndi kuyezedwa, zida zotchinga magetsi obwera mwamphamvu, ndi kuyala mawaya mwanzeru. Koma ndi nyumba zingati zimene ndodo ya earth inangokhomedwa pansi, osayezedwa ngakhale kamodzi?

Ndikumbuka chipatala china chaching'ono kumene ndinaitanidwa chifukwa makina oonera wodwala ankalira pafupipafupi popanda chifukwa. Anali atawasintha kale, atsopanowo n'kuyambanso zomwezo. Anamwino anafika potopa, ena n'kumachepetsa kulira kwa alamu kuti odwala agone. Nditayenda m'chipindamo ndi kawailesi ka AM m'manja, phokoso linkakula ndikayandikira khoma lina. Kuseri kwake kunali inveta ya sola, ndipo mawaya ake anadutsa mu paipi imodzi ndi mawaya opita ku soketi ya makina aja, pamene waya wa earth anali atadyeka ndi dzimbiri. Titalekanitsa mawaya ndi kukonza earth, kulira kunatha. Chimene chinandiopsa si makinawo koma alamu yochepetsedwa ija. Makina akufa aliyense amawaona, n'kufuna njira ina. Makina onama amaphunzitsa anthu kuleka kuwamvera, ndipo tsiku limene adzanene zoona padzakhala popanda womva. Muyezo wa IEC 60601-1-2 unalembedwera zipangizo za m'chipatala pa chifukwa chimenechi, koma muyezo umathandiza pokhapokha woyala mawaya akuudziwa.

Apa ndi pamene nkhani yachiwiri ikulowa. Foni yanu imadziwa bwanji kuti mwaitembenuza? Mkati mwake muli kachida kochepa kuposa njere ya mpunga, ka gulu lotchedwa MEMS. Ndi makina enieni oyenda, osemedwa pa silikoni. Muli kalemedwe kolendewera pa timasipuling'i, kokhala ndi timano tolowana ndi timano tina tosasuntha. Mpata wa pakati pa timanoto ndi wa ma micrometre ochepa chabe, pamene tsitsi la munthu n'lonenepa pafupifupi ma micrometre 70. Foni ikapendekeka, kalemedweko kamasuntha pang'ono, mpata umasintha, ndipo kusintha kwa magetsi kumene kumatsatira n'kumene foni imawerenga. Maikolofoni ya foniyo ndi ya mtundu womwewo. Makina oyezera BP a batire amene afala m'zipatala ndi m'makomo amadalira sensa yotereyi poyeza mpweya wa m'chikwama chomanga pamkono. Galimoto za kaunjika zimene zadzaza mu msewu wa M1 zili ndi masensa ambiri otere, kuphatikizapo imene imalamula chikwama cha mpweya kuti chifufume pa ngozi. Kurt Petersen analemba mu 1982 kuti silikoni angagwiritsidwe ntchito ngati chomangira makina, kampani ya Analog Devices inatulutsa sensa yake ya ADXL50 ya zikwama za mpweya mu 1991, ndipo lero timakina timeneti tili m'thumba la wogulitsa tomato ku Zigwagwa.

Nkhani ziwirizi n'zosalekanitsika. Uthenga umene sensa imatulutsa ndi wofooka kwambiri, choncho ndi woyamba kumizidwa ndi phokoso la magetsi. Waya wa mota akadutsa pafupi ndi kampasi ya droni, droni imasochera. Chaja yaphokoso imachititsa kuti galasi la foni lizidzidina lokha, ndipo ambiri tinazionapo. Ngakhale magetsi a m'thupi la munthu ndi mdani. M'chilimwe, mpweya ukauma, munthu wovala juzi amatha kusunga ma volt masauzande angapo. Iye amamva kulasa pokhapokha afika cha m'ma 3,000, koma tizida tina timapsa ndi ochepera 100. Mnyamata wokonza mafoni pa khonde la shopu amatha kupha sensa ndi chala chake, osamva kanthu. Tikuchulukitsa zipangizo zaphokoso ndi zipangizo zosapirira phokoso nthawi imodzi, m'nyumba zomwezo. Injiniya wodziwa mbali imodzi yokha ndi wa theka.

Dziko lathu linayamba kale kuyenda njira imeneyi. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyesera madroni ku Kasungu, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy. Droni singaime m'mwamba popanda masensa a MEMS ouza ubongo wake mmene yapendekera. Ku MUBAS ndi ku MUST akuphunzitsa uinjiniya wa zipangizo za m'chipatala, ndipo makina a Pumani othandiza makanda kupuma, amene anapangidwa mogwirizana ndi Rice University ndi chipatala cha Queen Elizabeth, anaonetsa kuti chipangizo chopangidwira mavuto athu chimapulumutsa miyoyo. Koma zonsezi zili ku Blantyre, ku Thyolo, ku Lilongwe ndi ku Kasungu. Makina akavuta ku Chitipa kapena ku Usisya, wodziwa kupeza vuto ayenera kukhala pafupi.

Kumpoto kuno kulinso ntchito zake zimene masensa otchipawa angagwire. Anthu a ku Karonga sanaiwale zivomezi za mu Disembala 2009, zimene zinagwetsa nyumba zambiri ndi kugoneka mabanja panja nyengo ya mvula. Tili m'chigwa chimene nthaka yake imagwedezeka. Kuyambira 2020 kampani ya Google imagwiritsa ntchito masensa a m'mafoni a Android kuzindikira zivomezi m'mayiko osiyanasiyana. Ophunzira athu atha kumanga tizida tomvera kugwedezeka kwa nthaka n'kutiika m'masukulu a m'mbali mwa nyanja. Atha kumata masensa pa milatho imene magalimoto olemera amadutsa potsika Chiweta, kuti tidziwe mlatho umene wayamba kufooka usanagwe. Atha kuika masensa m'mapaipi a madzi ochokera ku damu la Lunyangwa, kuti pobowoka padziwike madzi asanathe. Atha kumvera kunjenjemera kwa makina opukusa khofi kapena a pa siteshoni ya magetsi ya Wovwe, n'kudziwa kuti bering'i yatsala pang'ono kutha. Zonsezi zimatheka pokhapokha womangayo akutha kusiyanitsa uthenga weniweni ndi phokoso.

Sindikunena kuti timange fakitale yopanga masensa ku Luwinga. Fakitale yotero imafuna zipinda zopanda ndi fumbi lomwe, madzi oyeretsedwa mwapadera, magetsi osathima ndi ndalama zimene ngakhale mayiko olemera amaziwerenga kawiri. Gawo lathu ndi lina: kusankha sensa yoyenera, kuilumikiza bwino, kuiteteza, kuiyesa ngati ikunena zoona, ndi kuikonza ikayamba kunama. Ntchito zambiri padziko lonse zili m'gawo limeneli, osati m'fakitale.

Ndipo kuyamba sikufuna chuma chambiri. Chipinda chachikulu choyeseramo mafunde n'chodula, koma zambiri zimaphunzitsika pa tebulo wamba. Kachida ka RTL-SDR kolowetsa pa kompyuta kamaonetsa mafunde kuyambira cha m'ma 24 MHz mpaka kupitirira 1,700 MHz, ndipo mtengo wake sufika wa foni yamakono. Kachingwe konunkhizira phokoso pa bodi wophunzira atha kudzipangira ndi kachidutswa ka waya wa eriyo ya TV. Bodi ya Arduino ndi sensa ya MPU-6050 ndi zokwanira kuphunzitsira mmene droni imadziwira kupendekeka kwake. Onjezanipo osilosikopu, chida choyezera earth, ndi timphete ta ferrite tija timaoneka ngati chotupa pa waya wa laputopu. Wophunzira apatsidwe chaja yaphokoso, ayeze, aikemo zosefera, ayezenso, aone ndi maso ake mzere ukutsika. Tsiku limenelo adzaphunzira zimene bolodi ndi choko sizingamupatse.

Malo ake alipo kale. Mzuzu University, imene inalandira ophunzira oyamba mu 1999, imaphunzitsa za mphamvu zochokera ku dzuwa, mphepo ndi madzi, ndipo ili ndi TCRET, malo amene anakhazikitsidwira kuyesa zipangizo zoterezi ndi kuphunzitsa amisiri. Pamene payezedwa mphamvu ya panelo ndi batire, payezedwenso phokoso la inveta. Mzuzu Technical College ndi makoleji ena a pansi pa TEVETA ndi amene amatulutsa amisiri oyala mawaya m'nyumba zathu. Iwowa azituluka atayezapo earth ndi manja awo, akudziwa chifukwa chimene waya wa magetsi ndi waya wa uthenga sayenera kugona pamodzi. University of Livingstonia nayo ili ndi gawo lake. Bungwe la MBS limayang'anira miyezo ya katundu, MACRA imayang'anira mafunde ndi kuvomereza zipangizo zolumikizirana, MERA imayang'anira za mphamvu. Onsewa angapindule ndi tebulo loyesera zinthu muno mu Mzuzu, pafupi ndi pamene katundu amalowera. Ndipo Malawi Engineering Institution itavomereza maphunziro afupiafupi a EMC ngati mbali ya kusula mainjiniya amene ali kale pa ntchito, makalasi sangasowe anthu.

Alipo amene anganene kuti dziko limene anthu ambiri sanalumikizidwebe ku magetsi lisatangwanike ndi nkhani zapamwamba chonchi. Ndikumva kudandaula kwawo, koma ndikuona mosiyana. Wolemera inveta ikapsa amagula ina. Mayi wa ku Ekwendeni amene anagulitsa mbuzi kuti agule sola sangathe. Chipatala cha kumudzi chili ndi makina amodzi okha opangira okosijeni, ndipo akapsa ndi mphenzi, mwana wobanika alibe kwina kopita. Dziko losauka ndi limene liyenera kusamala kwambiri zochepa zimene lili nazo. Ndalama zakunja zimene timazisaka movutikira siziyenera kuthera pa kugula kawiri chinthu chimene chikanatetezedwa ndi ndodo ya mkuwa yoyezedwa bwino.

Ena akuti tikawaphunzitsa adzathawira ku Joni. Ena adzapitadi, ndipo luso limeneli kumeneko likufunika. Ku Karoo, dziko la South Africa linapanga lamulo mu 2007 loteteza dera lonse ku phokoso la mafunde chifukwa cha makina oonera zakuthambo. Makina a MeerKAT, a madishi 64, amamva mafunde ofooka kwambiri moti chipangizo chilichonse cholowa kumeneko chimayenera kuyezedwa kaye. Anansi athu a Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko ogwirizana ndi South Africa pa ntchito yaikulu ya makina oonera zakuthambo yotchedwa SKA. Koma ine ndaona anyamata athu akupita ku Joni ngakhale alibe luso lililonse, n'kukagwira maganyu olima maluwa. Kuli bwino apite ali akatswiri. Ndipo ambiri adzatsala, chifukwa ntchito ili pompano: makampani a mafoni ali ndi nsanja pa mapiri a Viphya zimene mphenzi imazichezera chaka ndi chaka, zipatala zikulandira makina atsopano, ndipo mapanelo a sola akuchulukirachulukira pamadenga.

Masomphenya a Malawi 2063 akunena za dziko lopanga zinthu zake n'kumagulitsa kunja. Chipangizo chilichonse chamagetsi chimene tidzafune kugulitsa ku Ulaya kapena ku South Africa chidzafunsidwa pepala losonyeza kuti chinayezedwa ndipo sichisokoneza zinzake. Wophunzira wathu atha kupanga chida chabwino chothirira mbewu kapena choyezera chinyezi cha khofi, koma ngati sanamvepo za miyezo ya IEC 61000, chida chakecho chidzathera pa chionetsero cha pasukulu.

Choncho pempho langa kwa akuluakulu a sukulu za ukachenjede ndi makoleji a kumpoto ndi ili: pokonzanso ndondomeko ya maphunziro, ikanimo phunziro la teremu yathunthu la EMC ndi masensa, theka lake likhale la pa tebulo. Gulani zida zochepa zimene ndatchulazi chaka chino, osadikira nyumba yatsopano kapena wothandiza wakunja. Tsegulani chitseko Loweruka kuti amisiri a m'tauni, okonza mafoni ndi oika sola, adzaphunzire nawo. Tumizani ophunzira a chaka chomaliza m'zipatala za m'maboma kuti akayeze earth ndi phokoso la magetsi, zotsatira zake zikaperekedwe kwa oyang'anira zipatalazo. Ife amisiri akale tili ndi mabokosi odzaza machaja, mainveta ndi mabodi opsa, chilichonse ndi mbiri ya chimene chinachipha. Mukatiitana, tidzabwera nazo m'kalasi.